Malata a Mayi Mwanabibi

Mukafika ku Kawale n'kufunsa nyumba ya udzu, ngakhale wogulitsa makala adzakulozerani, chifukwa ilipo imodzi yokha. Mbali zonse yazunguliridwa ndi malata, ena adzimbiri, ena opsinjidwa ndi miyala ndi matayala akutha, iyo ili phee pakati ndi tsindwi lake lalitali. Anthu amaima pamsewu kuiyamikira. Ine ndimakhala kuseri kwake, mpanda umodzi, ndipo ndikamva akuyamikira ndimangoti chamumtima, yamikirani, simukudziwa inu. Dzina langa ndine Eneless, koma kuno amanditchula amake Leston. Mwini nyumbayo ndi mnzanga wakalekale, a Mwanabibi, mayi wodana ndi udzu kuposa munthu aliyense amene ndinamuonapo.

Nyumbayo anamanga ndi apongozi awo aamuna, Shehe Sharif, Lilongwe asanakhale likulu. Shehe anachokera ku Mangochi ndi makina osokera, nakhala pakhonde la sitolo ina m'tauni yakale kusoka malaya ndi mikanjo. Atapeza malo kuno anaumba okha zidina, nakweza makoma okhuthala kwambiri, khonde lozungulira la nsanamira za mitengo, ndi chitseko cholemera chosemedwa maluwa. Asilamu oyamba a dera lino ankaswalira pakhonde limenelo mzikiti usanamangidwe. Mbiri yake ndi yomweyo. Sindikuinyoza ayi, koma mbiri siletsa mvula.

A Mwanabibi analowa m'nyumbamo ngati mtengwa kuchokera ku Namwera, ali kamtsikana kowonda koma kodziwa ntchito. Ine ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Thyolo ndi abambo akwathu, amene anabwera kudzafuna ya ulonda. Tinadziwana pampanda, popalana moto. Nthawi imeneyo Shehe anali atamwalira kale. Mwana wawo, mwamuna wa a Mwanabibi, anatengera bambo ake makina ndi ulemu, koma manja omanga ayi. Anali munthu wabwino, mzimu wawo uuse, koma ukawauza za denga ankayankha kuti, “Inshallah, mvula ikatha.” Mvula ikatha ankati udzu sunakhwime. Udzu ukakhwima ankapeza osaka mbewa autentha kale.

Choncho mnzangayo anaidziwa nyumba ija podontha pake ponse. Beseni ankaliika pakhomo la kuchipinda, mphika pakona ya kum'mawa, ndowa pakati penipeni pabalaza. Mitambo ikangoda sankayang'ananso kumwamba, miyendo inkawapititsa yokha. Kuzira nakonso ankadziwa, pamenepo musawatsutse. Ankakasenza dothi lakuda kudambo, kulikanda, kulipaka ndi chikhatho, kenako n'kulikulungiza ndi nkhulungo, mwala wosalala uja, mpaka pansi kuwala. Koma ankazira akung'ung'udza, chifukwa mvula imodzi inkakwanira kuboola ntchito yonseyo tidzenjetidzenje.

Mwana wawo woyamba anali wamkazi, Zulaikha. Lero aliyense amawatchula amake Ayman, ndipo ndatsala ndekha wokumbuka kuti poyamba tinkawaitana amake Zulaikha. Khandalo linabadwa dzinja lili pakati. Chaka chimenecho kunachita mvumbi, masiku kumapita dzuwa osaoneka, m'nyumbamo munalibe pouma. Asunthire mphasa uku, kwadontha. Asunthire uko, kwadontha. Mwana anayamba chifuwa, kenako kubanika, kuchipatala anati chibayo, ndipo sanabwere naye wamoyo. Ine si dokotala, sindinganene kuti udzu ndiwo unapha mwana. Koma mayi ake anagamula mlanduwo okha, ndipo panalibe apilo. Maliro atatha anandipeza pampanda, maso ali gwa.

“Amake Leston,” anatero, “ine ndidzafera pansi pa malata. Mundimve bwino.”

Ndinawamva. Anayamba kukazinga mandasi ndi zitumbuwa, madzulo kanyenya wa usipa, n'kumakhala pamsewu mpaka nkhope kuda ndi utsi. Akapeza kangachepe ankatsetserekera ku Mchesi kukagula lata limodzi. Limodzi, osati awiri. Ankalisenza pamutu kubwera nalo wapansi, ndipo tsiku lina la mphepo tinawaona akutembenuzika nalo pamsewu, lata kufuna kupita ku Biwi, iwo kufuna kubwera ku Kawale. Anapambana ndi iwo. Malatawo ankawaimika kuchipinda motsamira khoma n'kumawapukuta ndi kansalu, amuna awo n'kumaseka kuti m'nyumba muno alendo olemekezeka ndi awa. Panapita zaka. Pakati pa zakazo anabadwa Ayman, ndipo mvula ikangoyamba mayi ake ankamukulunga m'chitenje n'kudzamugoneka kwathu, chifukwa nyumba yathu ya lendi inali ya malata, akale koma malata. Mnyamata ameneyo dontho la denga silinamugwerepo pamutu ngakhale limodzi. Musaiwale zimenezi.

Tsiku limene amisiri anakhoma malata, udzu wakale anauunjika panja, ndipo anayatsa machesi ndi a Mwanabibi eni ake. Chitseko cha Shehe chija chinali chitayamba kukhula pansi, cholemera ngati tchimo, ndiye anachichotsa n'kuika cha matabwa chokhala ndi loko. Chosemedwa maluwacho chinakatseka khola la nkhuku. Palibe anadandaula, ngakhale nkhukuzo.

Mvula yoyamba itagwa pamalatapo anandikuwira pampanda. “Bwerani mudzamve!” Ndinathamanga ndikuganiza kuti kwagwa zovuta. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakati pabalaza, pamalo pa ndowa paja, nkhope itayang'ana kumwamba. Phokoso lake, abale inu! Munthu sukanamva ngakhale mawu ako omwe. Iwo ankaseka, misozi ili mbwembwembwe, ndipo inenso ndinalira nawo, chifukwa ndinkadziwa amene ankamukumbuka. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi chathu. Chizimalupsa chikagwa ankatereka tiyi wa jinja, ine n'kudumpha mpanda, n'kumacheza mkati mwa phokosolo. Poyamba tinkangogwedezerana mitu. Patapita zaka tinaphunzira kumvana, theka ndi makutu, theka poyang'ana milomo.

Ayman anakula, mwana wofatsa, wokonda mayi ake. Bambo ake atamwalira anakwera basi ya ku Joni monga anzake onse, ndipo anapitirira mpaka ku Kepi, komwe anapeza ntchito panyumba yogona alendo. Sanaiwale kwawo. Ankatumiza mabulangete, mafuta ophikira, ngakhale mbale zosweka zimene mayi ake sanadyerepo chifukwa cha ulemu. Ankaimba pafoni ya Leston wanga, ndiye nkhani zawo zonse zinkachitikira pakhomo panga. Chaka cha 2006, dzinja litangotha, anaimba ali ndi chimwemwe chachilendo. Foni ija inali yokuwa, ndinamva zonse.

“Amayi, mukudziwa kuti kuno anthu olemera zedi amagona m'nyumba za udzu? Kuno komwe ndikugwira ntchito denga ndi la udzu, makoma a dothi, ndipo anthu amachokera kunja kudzagonamo. Amajambula ngakhale chitseko! Ndiye ndaganiza. Nyumba ya agogo ija ndi mbiri, amayi. Tiibwezeretse momwe inalili. Udzu, dothi, chitseko chija ngati chilipo. Zonse ndilipira ine.”

“Nanga malata?” anafunsa mayi ake.

“Achoke amenewo. Amatentha, ndi osaoneka bwino, ndiponso amasokosa.”

“Amasokosa?”

“Kwambiri! Mwavutika nawo mokwanira, amayi. Nthawi yakwana yoti mupume.”

Ndinayembekeza kuti foni ya mwana wanga iponyedwa m'ngalande. A Mwanabibi amatha kukalipira wogulitsa nsomba mpaka msika wonse kutembenuka. Koma kwa mwana ameneyu mawu akuti ayi sanawaphunzirepo. Anangoti, “Ndamva, bambo,” n'kundibwezera foni ndi manja awiri. Komanso mnyamatayo anali ataimbira kale akuluakulu a kumzikiti, ndipo iwo anakondwa kwabasi. Anagwirizana zoti Ramadhani ikatha, iye akabwera kudzadya Idi, pakhale sadaka yokumbukira Shehe Sharif m'nyumba yokonzedwayo.

Ine ndinapsa mtima. “Muuzeni za Zulaikha,” ndinatero. “Akudziwa kuti anali ndi mlongo wake, koma sadziwa chimene chinachitika. Muuzeni!”

“Ndimuuze kuti nyumba ya agogo ake inadya mlongo wake?” anandiyankha. “Mwana ali kwa eni, akutsuka mbale za anthu, chokhacho chimene akunyadira ndi nyumba imeneyi. Ndimulande?”

“Ndiye mukafera pansi pa udzu?”

Anakhala akuyang'ana denga lawo nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wofolera.

Kupeza wofolera mu Kawale inali ntchito payokha. Abambo amene ndinkawadziwa bwinobwino kuti anabwera dzana kuchokera kumudzi, zikhatho zikadali ndi zipsera za udzu, ankandiyankha kuti, “Kufolera? Ife tinakulira m'tauni, mayi.” Wina anachita kukwiya ngati ndamutukwana. Mapeto ake tinakwera minibasi mpaka ku Chinsapo, komwe anatilozera a Zebedee, mkulu wina wa ndevu zaimvi amene ankafolera zisakasa za m'malo omwera. Tinawapeza atakhala pakhomo akusirira nyumba yawo, imene anali atangoikhoma malata atsopano.

Atabwera kudzaona ntchito anazungulira nyumba yonse, kugogoda makoma, kuyang'ana kumwamba, kenako anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

“Mayi, malata abwinobwino awa mukuchotsa? Mwana wanuyo kumeneko ali bwinobwino?”

A Mwanabibi anawapatsa mpando, tiyi ndi mandasi, n'kudikira kuti ameze. Kenako anati, “Bambo, malata sachoka. Udzu ukwere pamwamba pake.”

A Zebedee anakana poyamba. Anati denga la malata ndi logona, udzu umafuna potsetsereka kwambiri kuti madzi azithamanga, apo ayi uwola dzinja limodzi. Anatinso sangakhome misomali pamalata abwino, ndi tchimo. Mnzanga anawathirira tiyi wina. Pofika kapu yachitatu nzeru zinabwera. Anati amanga denga lina pamwamba pa denga, mapaso a bulugama otsamira pamakoma okhuthala aja ndi pansanamira za khonde, lalitali ngati la tchalitchi, malata n'kutsala mkati osakhudzidwa. Kunsi kwake, m'nyumbamo, adzayala bango pansungwi kuti munthu akayang'ana kumwamba aone zachikale. Malata a pakhonde okha ndiwo anayenera kuchoka, chifukwa amenewo ngakhale wakhungu akanawaona. A Mwanabibi anavomera, koma anati amenewo akakhomedwe pakhitchini yakuseri, imene nthawi yonseyi inali yofolera ndi mapepala apulasitiki.

Udzu unabwera pangolo kuchokera mbali za ku Dzalanyama, ng'ombe zikudutsa pakati pa maminibasi, makondakitala akukuwa. Utangotsitsidwa pabwalo, anthu anayamba kubwera kudzapepesa. Ndikunena zoona! Mayi wina anagwira mnzanga dzanja n'kunena kuti, “Musadandaule, achemwali, ku Joni kumavuta nthawi zina, Mulungu adzatsegula khomo lina.” Kumpopi kunamveka zoti Ayman amutsekera, kwina zoti malata agwidwa ndi akatapila. A Mwanabibi atawafotokozera kuti mwana akuchita kulipira kuti nyumba ioneke yachikale, anthu anapepesa kwambiri kuposa poyamba.

Koma ntchito ya a Zebedee inali yokoma kuonera, chilungamo chinenedwe. Ankakhala pansi kupesa udzu mtolo ndi mtolo, kuchotsa zinyalala, kulinganiza matsinde pogogoda pansi. Luzi ankaluviika mumgolo kuti lufewe. Akakwera pamwamba ankayambira m'munsi, mzere pamwamba pa mzere, kumanga, kumenya ndi kathabwa mpaka udzu kugona mofanana ngati wometedwa. Ana asukulu ankaima kuonerera. Ena mwa abambo okulira m'tauni aja ankadutsa pang'onopang'ono, ndipo mmodzi analephera kupirira, anakuwa ali pamsewu kuti mfundo imeneyo kwawo samanga choncho.

Simenti ya pabalaza, imene inaikidwa malata atakhomedwa, anaiphwanya. Imeneyo a Mwanabibi anailola, anati simenti sinawalonjeze kanthu. Tsono pofuna wozira, panalibenso wina. Atsikana a masiku ano anangoyang'ana dothi, n'kuyang'ana zikhadabo zawo, n'kukumbuka kuti ali ndi zochita. Nkhulungo ija a Mwanabibi anakaipeza kukhitchini, komwe inkagwira ntchito yophwanyira tsabola. Mayi wamkulu, mawondo olira kale, anagwada pansi kuyambira pakona mpaka pakhomo, kupaka, kudikira kuti pachite mbuu, kukulungiza, kubwerezanso. Makoma anawamata ndi dothi lofiira, m'munsi n'kudula mzere wakuda wowongoka popanda chingwe. Ndinawathandiza kusenza madzi, ndipo ndinamva chisoni poona kuti ntchito imene anaithawa moyo wawo wonse ndi imene manja awo ankaidziwa kuposa ina iliyonse. Pansi paja panawala kuposa kale, popeza tsopano panalibe dontho lodzaboola.

Chitseko anakachichotsa kukhola. Tinachikwecha ndi phulusa ndi mchenga masiku angapo, n'kuchipaka mafuta a nsatsi mpaka maluwa a Shehe anaonekanso, okongola ndithu. Fungo lokha ndilo linakana kuchoka msanga. Nkhuku nazo sizinamvetse za mbiri. Dzuwa likamalowa zinkabwera pamzere kudzaima pakhomo la nyumba yaikulu, kudikira kuti wina azitsegulire chitseko chawo.

Chomaliza linali bango la kudenga, limene linkaoneka latsopano kwambiri, loyera mbee. A Mwanabibi anatseka mawindo, kuika mbaula pakati, kusonkhapo zitsononkho zonyowa, n'kutuluka. Utsi unachita ntchito ya zaka makumi angapo m'masiku ochepa. Atatsegula, denga linali lakuda bwino, la mwaye, ngati lomwe Shehe anasiya.

Tsono mudziwe kuti Kawale yense anaona zimenezi. Denga silibisika pomanga. Wogulitsa makala ankadziwa, ana ankadziwa, akuluakulu a kumzikiti ankadutsa pomwepo kasanu patsiku. Koma palibe anatsegula pakamwa. Mkulu wina nditamufunsa anangoti, “Chili pansi pa udzu ndi cha mwini nyumba ndi Mulungu wake.” Tinaitana wojambula, zithunzi tinapatsira wa basi, ndipo Ayman ataziona anaimba akulira. Anati anaonetsa abwana ake, abwanawo sanakhulupirire kuti ku Malawi kukadali amisiri otere.

Ayman anafika Idi itayandikira, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anatsika ndi zikwama zamizeremizere zija, jekete lachikopa lili pathupi ngakhale kunkatentha choncho. Anaima pamsewu nthawi yaitali. Kenako anavula nsapato, kulowa, kusisita khoma, kusisita chitseko, kuyang'ana bango lakuda lija. “Fungo lake lenilenilo,” anatero, akukoka mpweya. Ine ndinayang'ana nkhuku. Anagwada pamaso pa mayi ake n'kuwathokoza, ndipo iwo anamusisita kumutu. Ankamukonda mwana ameneyu, ndipo tsiku limenelo anali okondwa zenizeni.

Sadaka inachitika patapita masiku ochepa. Anapha mbuzi, mpunga unaphikidwa m'miphika ikuluikulu, anthu anadzaza. Abambo anakhala pabalaza ndi pakhonde, amayi tinakhala kuchipinda ndi pakhomo pake, inenso pambali pa mnzanga, ngakhale ndine wa Mvano. A Zebedee anawaitana ngati mlendo wolemekezeka, anabwera atavala tayi. Chakumasana, mapemphero ali mkati, kunja kunada. Kunawomba kamphepo konunkhira fumbi lonyowa, ndipo chizimalupsa chinatsika, mvula yoyamba chifolereni nyumbayo.

Pakhomo tinkaiona ikukhuthuka, madzi akutsika kumapeto kwa udzu ngati zingwe. Patali tinkamva madenga a anthu ena akulira. Koma m'nyumbamo munali zii. Kamkokomo kofewa kokha, kapansipansi, kamene ine ndinali nditakaiwala. Mawu a shehe wopempherayo ankamveka onse, mpaka kupuma kwake. Ndinatembenuka kuti ndimwetulire mnzanga, poti nzeru zake zagwira ntchito, koma nkhope imene ndinaiona sinali ya masiku onse. Inali nkhope ya amake Zulaikha.

Anadzuka mapemphero asanathe. Anatenga beseni losambira m'manja n'kuliika pakhomo la kuchipinda. Anatenga mphika n'kukauika pakona ya kum'mawa, mkulu wina n'kuchita kusuntha. Kenako anabwera ndi ndowa, kudutsa pakati pa miyendo ya abambo, n'kuiika pakati penipeni pabalaza. Sanaphonye ngakhale pang'ono, anali malo akale omwe aja. Anaima pamenepo akuyang'ana kumwamba, kudikira.

“Amayi,” Ayman ananong'ona, manyazi atamugwira, “sikudontha. Khalani pansi.”

Mapemphero atatha iye anafuna kukonza zinthu. Anaimirira n'kuloza ndowa ija. “Mwaona, akuluakulu? Mayi anga aika dala kuti tonse tione. Ngakhale dontho limodzi! Limeneli ndilo luso la makolo athu, limene ife tinalitaya pothamangira malata. Ndipo tamverani bata lake.” Abambo onse anayang'ana zala za kumapazi kwawo n'kuvomera kuti ndi zoona, bata lilipo. A Zebedee anagwidwa ndi chifuwa mpaka anatuluka pakhonde.

Ndinawagwira mkono a Mwanabibi. “Alipo, anzanga,” ndinawanong'oneza. “Mukudziwa kuti alipo. Munawasenza nokha.”

“Ndikudziwa,” anatero. “Koma sindikuwamva.”

Anandisiya n'kutulukira khomo lakuseri, mvula ili pamutu, mpaka kukhitchini. Ndinawatsatira. Amayi ophika anali atathawira pakhonde, munali mopanda munthu, miphika yokha ndi utsi. Koma phokoso, eee! Malata a pakhonde aja ankalira ngati akubwezera. Mnzanga anakhala pachigubu, madzi akutsika mumpango, natseka maso. Pang'onopang'ono mapewa anatsika.

Posakhalitsa anafika Ayman ndi ambulera, nkhawa ili pankhope. Anawerama pakhomo lalifupilo n'kukuwa kuti abwerere kunyumba, alendo akufunsa. Mayi ake anamugwira padzanja n'kumukokera pansi kuti anjute patsogolo pawo. Ndipo anamuuza. Zonse zimene anakana kunena pafoni anazinena pamenepo. Anamuuza za mvumbi uja, za mphasa yosowa pouma, za kamwana kamene kankabanika pachifuwa pawo. Anamuuza chifukwa chimene iye ankagonera kwa amake Leston mvula ikamagwa. Anamuuza za malata a ku Mchesi, limodzilimodzi, ndi kuti onse akadali pomwepo pansi pa udzu wake wokongolawo, ndipo amukhululukire. Sanakuwe. Analankhula ndi mawu awo a masiku onse, monga momwe tinkachezera ine ndi iwo.

Ine ndinamva liwu lililonse, poti ndinaphunzira kale. Koma mnyamatayo, wokulira pansi pa malata omwewo, mvula ikagwa ankangofunda bulangete n'kugona, sanakhalepo ndi chifukwa chophunzirira. Ndinamuona akutchera khutu, akukwinya nkhope, akugwedeza mutu mwaulemu pamalo osayenera. Anaona misozi ya mayi ake, anayang'ana malata olirawo, ndipo anamvetsa zake. Anaika pakamwa pafupi ndi khutu lawo n'kukuwa ndi mtima wake wonse wabwino.

“Musalire, amayi! Ndaona vuto lake! Chaka chamawa tifoleranso khitchini ino!”

A Mwanabibi anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine. Anayamba kuseka, kuseka kosatha, misozi ikutsikabe, ndipo mwanayo anaseka nawo pokondwa kuti watonthoza mayi ake. Mvula itakata ndinafuna kumukokera pambali kuti ndimuuze ndekha, koma mnzanga ananditsina. “Ndanena kamodzi,” anatero. “Zakwana.”

Ayman anabwerera ku Kepi sabata yotsatira, ndi zithunzi zambiri. Nyumba ija inatchuka. Aphunzitsi amabwera ndi ana asukulu kudzaona momwe makolo ankakhalira, akwati amadzajambulitsa pachitseko cha nkhuku chija, ndipo a Mwanabibi amawalandira onse mwaulemu, kuwaonetsa pomwe Shehe ankaswalira. M'chilimwe amagona momwemo, amati n'mozizira bwino, zimenezo amavomereza. Koma mitambo ikangoyamba kusonkhana amapinda mkeka wawo n'kusamukira kukhitchini, pakati pa miphika ndi matumba a makala, mpaka dzinja lithe. Tiyi wathu wa chizimalupsa timamwera kumeneko.

Za kufolera khitchini mnyamatayo sanaiwale. Chaka chilichonse amazitchula pafoni, ndipo mayi ake amayankha kuti, “Inshallah, mvula ikatha.” Mvula ikatha amati udzu sunakhwime. Koma akudziwa kuti mwana wawo ndi wokwaniritsa malonjezo, tsiku lina ngolo idzafika basi. Dzana lomweli tikusankha nyemba anandifunsa mosayang'ana nkhope yanga.

“Amake Leston, udzuwo ukadzabwera, kwanu kuja malo alipo?”

Ndinawauza kuti pakona pomwe ankagona Ayman ali khanda sindinaikepo kanthu. Denga langa ndi ladzimbiri, lopsinjidwa ndi miyala, koma limasokosa bwino.